Mphini sizifika kuseri kwa fupa

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu kumeneko ku Beira. Ife ku Matundo kuno tilipo, koma mng'ono wanu Zuze chakudya sichikumezekabe, ntchito ya kumalasha waima.

Lolemba tinakwera chapa, minibasi ija, kuoloka mlatho mpaka kuchipatala. Adotolo anandionetsa chithunzi cha m'chifuwa mwake. Mapapo ali uku ndi uku, ndipo pakati pake, kuseri kwa fupa la pachifuwa, pali mtima, njira ya mpweya ndi njira ya chakudya. Chotupa chili pamenepo, chikufinya ya chakudyayo. Akuti Zuze apitenso Lachisanu kuti akachiyeze.

Ndiye amalume anu aja atulukira ndi lezala ndi nsupa! Amutema mphini pachifuwa ponse, ati, "Anzake a kumalasha ku Moatize amuponyera matenda, ndikupita naye kumudzi ku Angónia." Ndinawauza pamaso: "Amalume, lezala lanu lathera pakhungu. Ngakhale mbuzi simunatumbulepo kodi?" Angoti nyoo, chikwama cha Zuze n'kumanga.

Ine sandimva, amaopa inu. Ayimbireni lero lomwe. Akamukweza chapa cha ku Angónia, mudzabwera kudzakumba manda.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Rosa