Akukambirana za Agatha, Ine Kulibe

Lachiwiri, 5 Sepitembala 1978

Ndimasokerera mabatani pa khonde la a Greyson, atelala athu, wailesi ili chilankhulire. Akuti Amereka aitana Israyeli ndi Iguputo kwawo kuti awayanjanitse. Akambirananso za malo a Apalestina. Ndinafunsa chapansipansi ngati Apalestinawo apitako. A Greyson anati sanaitanidwe. Kenaka anayang'ana kumsewu. "Rosina, Israyeli ndi bwenzi la boma. Soka mabatani."

Lachinayi, 7

A kwa Paston, mwamuna wanga amene anandisiya, atumanso mawu kuchokera ku Mzuzu. Akufuna Agatha, mwana wathu, ati mwana ndi wa kuchimuna. Ada, bambo anga, akuti kwathu kuno sizitero. Apempha a Yona, mkulu wa mpingo, kuti akhale pakati poti si mbale wa aliyense.

Loweruka, 9

Ndinawaona a Yona akutsika lole ya apongozi, atakhala kutsogolo, thumba la chimanga kumbuyo. Ndinawauza a Greyson. Anaseka osakondwa. "Nanga ndege za nkhondo za Israyeli amapereka ndani? Si woyanjanitsa yemweyo?"

Lachitatu, 13

Ada, a Yona ndi a kwa Paston anakumana kunyumba kwathu. Ine anandituma kuphika tiyi. Ndili kukhitchini ndinamva a Yona akuti, "Chachikulu ndi mtendere wa mabanja awiriwa." Ndinalowa ndi makapu, ndinagwada, mawu anali pakamwa penipeni. Ada anandiyang'ana. Ndinatuluka.

Lachisanu, 15

Ku Amereka akadali kukambirana atadzitsekera. Kuno nakonso. Agatha wachoka dzino lakutsogolo, akuonetsa aliyense pamsika.

Lolemba, 18

Ku Amereka asayina dzulo. Pa wailesi anthu kuwomba m'manja, akuti atsogoleri anakumbatirana. A Greyson akuti Iguputo abwezeredwa chipululu chake. Za Apalestina ati adzamaliza kukambirana m'tsogolo. Sindidziwa nkhope ya Mpalestina ngakhale mmodzi, koma ndinaganiza za mayi wina kumeneko akumvera pa wailesi ngati ine.

Madzulo a Yona anabwera akumwetulira. Zatheka, akuti. Agatha akayambe sukulu ku Mzuzu, ine ndizikamuona. Zoti adzabwerera liti tidzaona m'tsogolo. Ada anawathokoza, anawapatsa nsomba. Anati nane ndithokoze. Ndinathokoza.

Lachinayi, 21

Ndinamusambitsa Agatha m'mamawa, ndinamudzoza mafuta mpaka kuseri kwa makutu. Anasangalala ndi diresi latsopano, kuzungulirazungulira pabwalo.

"Ama, tikupita kuti?"

Ndinamumangira lamba kumbuyo kuti asandione kumaso. Ndinamasula, ndinamanganso.