Mpango Wobiriwira Umene Unapita ku Congo

Lolemba, 9 Juni

Mwera wavuta, ana a Fomu 2 theka sanabwere. Ndapezerapo mpata woyamba asayimenti ya ku yunivesite imene ndakhala ndikuizemba: mphatso zachikondi zimene akazi ankapatsa ankhondo okwera akavalo m'nkhani zakale za ku Ulaya. Eti mkazi ankachotsa mkono wa diresi lake, kaya kuvula mphete, kaya kudula tsitsi pang'ono, mwamuna n'kumangirira pamkondo kapena pachipewa chachitsulo popita kukamenyana. Anthu nsaluyo ankaiona, koma mwini wake osamudziwa. Dzina la mkaziyo silinkatchulidwa.

Ndaseka ndekha m'stafurumu. Si ine ameneyu? Amiri, mwana wa a Useni, ponyamuka ulendo wa ku Congo ndi asilikali anzake mu Novembala, ndinamupatsa mpango wanga wobiriwira kuseri kwa minibasi pa boma. Pakona ndinapetapo T. Iye amvekere, "Tina, msilikali ndi mpango? Anzanga akandiseka." Koma anaupinda bwinobwino n'kuuika m'thumba la pachifuwa.

Kunyumba sadziwa kuti tikupitiriza. Bambo anatseka nkhani kalekale: mwana wa katekisiti wa Angilikani sakwatiwa ndi Msilamu. Basi.

Lachitatu, 11 Juni

Masiku naini opanda meseji ya A. Ndi netiweki. Ndikudziuza choncho.

Lachinayi, 12 Juni

Ndamva pamsika, ndikusankha matimati. Amayi awiri ogulitsa usipa kumbuyo kwanga. "Mwana wa a Useni uja, msilikali." Winayo, "Wa Asiyatu?" "Yemweyo. Galimoto lawo linaomberedwa panjira." Wina anati Inna lillahi, monga amanenera Asilamu akamva za imfa, kenako anayamba za mtengo wa mchere.

Ndinamaliza kusankha matimati. Ndinaima kudikira pepala lakuda loikamo. Sindikudziwa kuti kunyumba ndafika bwanji.

Lachisanu, 13 Juni

Ndaphunzitsa mapiriyodi onse. Choko chimangothyoka.

Bambo pobwera ku tchalitchi masana: "Mnyamata wa a Useni uja watisiya. Anali waulemu." Ine: "Ndamva." Anandiyang'ana pang'ono, n'kupempha madzi akumwa. Ndinawapatsa mogwada.

Loweruka, 14 Juni

Ndayesa kuwerenga manotsi kuti mutu ukhale pena. Alekichala analemba kuti wankhondo akayang'ana nsalu ya wokondedwa wake mphamvu zinkachuluka, n'kugwetsa adani khumi. Bodza. Amene ankapeka nkhanizi sanaonepo mfuti.

Ndipo tsamba lonse ndi za mwamunayo. Wagwa bwanji, wabayidwa pati, wanena chiyani potsirizika. Nanga mkazi uja wopanda dzina, mawa lake ankatani? Ankasesa pabwalo ngati ine? Anthu akamalira, iye ankaloledwa kukhala pati?

Kwa a Useni anthu akusonkhana kale. Ndinafika mpaka pamlatho wa matabwa, n'kubwerera. Ndikalowa ngati ndani?

Lamulungu, 15 Juni

Kwaya. Pakamwa pokha.

Lachiwiri, 17 Juni

Nthawi ya buleki ahedi anati kuli mlendo wanga pansi pa mtengo wa mango. Anali Sharifa, msuweni wake wa A., amene makolo anamukonzera kuti adzakwatirane naye akabwerako. A. ankati adzakana pamaso, osati pafoni. Sanapeze mpata.

Sharifa sanandipatse moni. Anatsegula kachikwama n'kundionetsa nsonga yokha. Wobiriwira, wasuluka, T wanga wokhota uja.

Akuti katundu wa A. wafika dzulo, thupi lifika Lachinayi. Potsegula chikwama, mayi Asiyatu anaupeza utakulunga Kurani yake yaing'ono. Anamuitana Sharifa pamaso pa amayi onse n'kumuveka paphewa, amvekere mwana wanga anafa akukumbuka iwe.

"Aphunzitsi," anatero, "ine sukulu sindinapite patali, koma dzina langa siliyamba ndi T."

Ndinafuna kukana, koma iye anapitiriza.

"Ndinkadziwa kuti alipo wina. Akabwera patchuthi ankandilankhula ngati mlongo wake. Ndinkangoti nthawi idzakonza."

Ndinatambasula dzanja. Anatseka kachikwama. "Sindikupatsani. Azakhali akaufunsa ndiyankha chiyani? Mtima wawo watsamira pomwepa."

Kenako analira, osabisa, ana akuyang'anira m'mawindo. "Masiku asanu andikhazika m'nyumba, aliyense akubwera kudzandipepesa ine. Ndatopa kulira maliro a eni ake. Lachinayi mubwere."

Ndinati Bambo sangalole. Anapukuta maso n'kuti, "Ndiye mwafanana. Nayenso ankaopa awo."

Belu linalira. Ndinakaphunzitsa.

Lachitatu, 18 Juni

Sindinadye. Mawu a Sharifa aja. Zaka zitatu tonse awiri kudikira kuti wina ayambe kulimba mtima.

Lachinayi, 19 Juni

M'mawa ndinavala chitenje ndi duku. Bambo anali pakhonde akupukuta nsapato.

"Sukulu lero kulibe?"

Ndinagwada. "Ndikupita ku maliro a Amiri. Anali wanga, Bambo. Sitinasiyane."

Burashi inaima. Nkhuku zinadutsa pakati pathu. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi, akukanditulutsira zovala.

Anatuluka atavala jekete lakuda, akukankha njinga.

"Kwa a Useni n'kutali. Kwera."

Mumchenga ankatsika n'kumakankha, ine pambuyo. Kamodzi kokha anati, osacheuka, "Unkalira kuti masiku onsewa?"

Tinapeza galimoto la asilikali litafika kale. Amuna ali mbali ya kumzikiti, amayi adzaza pabwalo. Anthu anatembenuka kuona katekisiti pakati pawo. Bambo anatsamiritsa njinga pampanda, anavula chipewa, n'kupita molunjika kwa a Useni. Anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, achimwene. Ndakubweretserani namfedwa wina. Ndinamuchedwetsa ndine."

Sharifa anatuluka n'kundikoka mkono mpaka m'nyumba. Mayi Asiyatu anali pamkeka pakona, maso otupa. Sharifa anawanong'oneza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osaphethira. Amayi onse anasiya kulira.

Mayi Asiyatu anasendera pang'ono pamkekapo, kundisiyira malo.