Akuti Ndaledzera

Lachitatu. Tsiku lonyansa.

Lero kumaliro ndimayenda modzandira, shinelo mpaka kuvuka kuphazi ine osamva. Mlamu wanga Fulujensiyo waitola n'kukuwa pagulu, "Akulu a mpingo, kachasu m'mawa uno?" Anthu aseka. Galu ameneyu! Akuti Lamlungu akandichotsetsa ukulu wa mpingo.

Chichirireni korona, mapazi ndi zala zangochita dzanzi, miyendo yafooka. Adotolo ku Cuamba anati asilikali a m'thupi mwanga, atathana ndi korona, anatembenukira mitsempha yanga yomwe. Fulujensiyo ndamufotokozera, akuti ndi nkhani za kumowa. Si tinathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo kuno ku Mozambique? Asilikali otentha mudzi wawo womwe sanawaone iyeyu?

Lamlungu ndipita kutchalitchi, olo chokwawa, akandinunkhize yekha m'kamwa. Ndikanalemba zambiri za iye, koma cholembera chikupulumukanso m'zala.