Ndasokerera Pasipoti ya Mwana Wanga M'malaya

Aphungu,

Ndine telala, ndimasoka fugu, malaya aakulu achikhalidwe chathu, kuseri kwa siteji ya mabasi kuno ku Bolgatanga. Ndakulemberani chifukwa ndachita chinthu chomwe ngakhale mkazi wanga sakuchidziwa, ndipo sindikudziwa ngati ndateteza mwana wanga kapena ndamuwonongera tsogolo.

Mwana wanga wachitatu, mtsikana dzina lake Talata, anakhoza bwino kwambiri mayeso a sekondale zaka ziwiri zapitazo. Ine ndinali nditamukonzera kale makina achiwiri pakhonde, poti za yunivesite pakhomo pathu sitinkazilota n'komwe. Ndiye aphunzitsi ake anamulembetsa ku bungwe lina la kunja lomwe limaphunzitsa ana ochokera m'mabanja osowa. Anamutenga. Fizi, chipinda chogona payunivesite ku Kumasi, chakudya, laputopu, ngakhale tikiti ya basi yobwerera kumudzi pa holide, zonse bungwe. Tsiku lomwe kalata inafika, amake anavina mpaka mpango kugwa. Ine ndinaiwerenga katatu, kufunafuna pomwe alemba zomwe akufuna kwa ife. Sindinapapeze. Pantchito yangayi, munthu akandipatsa nsalu ndimadziwa kuti akufuna malaya. Nanga awa akufuna chiyani?

Mnzanga Ayamga, amene amawotcha nkhanga pafupi ndi shopu yanga, sanachedwe kundithira mantha. Anati, "Atelala, inu mwangokalamba pachabe. Nkhangazi mukuganiza kuti ndimazipatsa mapira chifukwa chozikonda? Dikirani, mwana wanuyo muzidzangomuonera pa foni, akukubayibitsani ali kunja."

Ndinaseka naye, koma mawuwo anandikhala.

Bungweli silingolipira sukulu ayi. Lili ndi zomwe amati maphunziro a utsogoleri. Holide iliyonse amawasonkhanitsa anawo sabata ziwiri, ndipo zomwe amawauza kumeneko sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa n'choti mwana amene ankayankhula atawerama anabwerako akuyang'ana anthu m'maso. Chaka chatha mkulu wanga atamwalira, akuluakulu a banja anakhala pansi kuti agawane munda wake. Talata ankagawa madzi akumwa. Ndinangoona waika chidebe pansi, wagwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Pepani akuluakulu, mundawo mukagawana, amayi aakuluwa ndi ana awo azikalima kuti?"

Kenako amalume anga ananditembenukira: "Kodi iwe, watibweretsera mwana kapena loya?"

Mundawo anamusiyira mlamu wanga, zoona. Koma ine mwezi wathunthu sindinapondeko komwera pito, mowa wathu wa mapira, kuopa kusekedwa.

Tsono nkhani yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Mwezi wamawa ophunzira khumi ndi awiri a bungweli akupita ku msonkhano kunja kwa dziko, ku Dakar, ndipo Talata ali m'gulumo. Kalata inabwera, ya chidindo cha yunivesite, yosainidwa ndi mayi Quansah amene amayang'anira ana a bungweli pasukulupo. Akuti gulu lonse lidzanyamukira limodzi ku Kumasi pa 14.

Lachiwiri lapitali, Talata, amene ali kuno pa holide, ankandithandiza kusita malaya a kasitomala. Foni yake inalira, ndipo poti dzanja linali pa simbi, anangodina kuti mawu azimvekera panja. Anali mawu a mwamuna wachikulire, ofatsa ngati a m'busa.

"Talata, mwana wanga, ndasankha iweyo kuti ukayankhule m'malo mwa anzako onse. Ubwere ku Accra kutatsala masiku awiri, ndidzakukonzekeretse. Chipinda ku hotela ndakonza kale. Anzako usawauze, angachite nsanje. Mayi Quansah ndiwauza ndekha, iwe usavutike."

Anaithimitsa msangamsanga. Ndinamufunsa kuti ameneyo ndi ndani.

"Ndi a Bediako, Ababa, alangizi anga. Bungwe linatipatsa aliyense wake. Ali ndi kampani yawoyawo, ndi munthu wolemekezeka."

"Wolemekezeka amaitanira ana a eni ake ku hotela?"

"Inu Ababa chilichonse mumachiona ngati msampha. Anthu akandiona kuti ndikhoza, basi kwa inu ndi mlandu."

Madzulo a tsiku lomwelo, iye ndi amake atapita kumsika, ndinatsegula chikwama chake, ndinatenga pasipoti n'kuisokerera m'kati mwa fugu yanga ya kutchalitchi. Ndinasoka bwino, munthu sangaone msoko.

Lero ndi tsiku lachinayi akuifunafuna. Watembenuza matiresi, wakhuthula thumba la mtedza, waimbira ngakhale dalaivala wa basi yomwe anabwerera. Amake akuti ndi ntchito ya adani, ndipo ayamba kusala kudya. Dzulo Talata anakhala pansi pafupi ndi makina anga akulira. Anati, "Ababa, ndikapanda kupita aganiza kuti ndine wosasamala. Akhoza kundichotsa, n'kutenga wina." Ine ndinangopitiriza kupalasa makina, fuguyo ili lende pa msomali, pamwamba penipeni pa mutu wake.

Ayamga yekha ndi amene ndamuuza, ndipo akuti ndingoiwotcha nkhani ithe. Aphungu, kodi mabungwe amenewa ndi oona? Kapena ndimuuze asiye zonsezi abwere adzasoke, adakali wanga? Ndithandizeni, pa 14 sipatali.

A. A., Bolgatanga

Bambo A. A.,

Musanawerenge zambiri, tengani lezala mumasule msokowo. Pasipotiyo si yanu, ndipo Talata si mwana wa pulayimale. A Ayamga awotche nkhanga zawo, za m'nyumba mwanu azisiye.

Mwalonga mantha osiyanasiyana m'thumba limodzi, n'chifukwa chake likukulemerani. Tiyeni tikhuthule.

Mabungwe ophunzitsa ana osowa alipo, ndipo ambiri ndi oona. Mwafunsa bwino kuti akufuna chiyani. Kawirikawiri amafuna ana omaliza sukulu, odzagwira ntchito zothandiza kwawo, komanso mbiri yabwino ya iwo eni. Zimenezo sabisa. Talata anasaina pepala la mgwirizano pomwe ankalowa. Mupempheni akuwerengereni mzere ndi mzere, ndipo pomwe simukumva mufunse. Kufunsa si kusayamika.

Za kumaliro zija, pepani, sindikugwirizana nanu. Mwanayo anagwada, anapepesa, n'kufunsa funso lomwe inuyo munkalidziwa koma munaliopa. Lero ana a mkulu wanu ali ndi polima. Ngati utsogoleri akuwaphunzitsawo ndi umenewo, bwererani komwera pito mutadzutsa mutu.

Koma pa nkhani ya foni, mphuno yanu yanunkhiza zoona. Sindiwadziwa a Bediako, ndipo sindinganene zomwe zili mumtima mwawo. Chomwe ndinganene n'choti ntchito yolongosoka sichitikira m'chipinda cha hotela, ndipo siyamba ndi mawu oti "usauze anzako". Mlangizi weniweni amakumana ndi wophunzira mu ofesi kapena pamalo a anthu, oyang'anira akudziwa. Munthu akangoti "akuluakulu ndiwauza ndekha", dziwani kuti ndi nthawi yoti muwauze inuyo.

Ndiye chitani izi. Muitaneni Talata, amake ali pomwepo, mumubwezere pasipoti m'manja. Nenani kuti munaitenga ndinu, ndipo munalakwa. Musanamizire kuti mwaitola kuseri kwa kabati. Akwiya, mwina masiku angapo, ndipo ali ndi chifukwa. Mulekeni akwiye. Akazizira, musayambe n'kunyoza bungwe kapena sukulu yake, chifukwa akangomva zimenezo atseka makutu. Muuzeni chinthu chimodzi chokha: kuti ulendo wa ku Dakar mukuufuna, koma wa ku Accra yekhayekha ukukuopsani. Mumufunse ngati iye mwini sanadabwe pouzidwa kuti abise. Ndikukayika ngati mtsikana wochenjera chotero sanamve kanthu kakumuluma. Mwina akungoopa kuti akakana munthu wamkulu ataya mwayi wake.

Kenako muimbireni limodzi mayi Quansah, pa nambala yomwe ili pa kalata ya chidindo ija, osati yomwe wina angakupatseni. Ngati n'kotheka, tsekani shopu tsiku limodzi mukwere basi ya ku Kumasi, mukaonane nawo maso ndi maso. Ayankhule ndi Talata, inu mukhale pambali pake. Afunse ngati ofesi ikudziwa zoti iye wasankhidwa kukayankhula, ngati ikudziwa za hotelayo, ndiponso malamulo a alangizi amati chiyani. Mauthenga onse a bambowo asafufute, ndipo yankho la ofesi mulipemphe lolembedwa.

Apa ndi pomwe mudzalidziwire bungweli. Ngati ndi loona, lidzakuthokozani, lidzamusinthira mlangizi, ndipo lidzafufuza, poti pali atsikana ena omwe makolo awo sanamve foni ngati imeneyo. Mwana sachotsedwa pa thandizo chifukwa chofunsa za chitetezo chake. Koma akayamba kuzungulira, kapena kumuopseza kuti akhale chete, pitani kwa mkulu woona za ophunzira payunivesitepo, ndipo ulendowo uyambe waima kufikira mutamva zomveka. Zikayenda bwino, Talata anyamuke pa 14, limodzi ndi anzake khumi ndi mmodzi, ndipo inu mumuperekeze mpaka pa siteji.

Zomuchotsa sukulu kuti adzasoke, iwalani. Mukhoza kumubweza thupi lokha, koma mtima wake simudzauonanso.

Chenjezo langa ndi ili, bambo. Munthu wofuna kupatula mtsikana pagulu amakondwa kwambiri mtsikanayo akayambana ndi a kwawo, chifukwa zikatero amatsala yekha wooneka ngati womumvetsa. Tsiku lililonse lomwe mukumunamiza mwana wanu, mukumugwirira ntchito munthu ameneyo, ulere.

Aphungu