Mapu a Che Swaibu

Lolemba, 4 Juni 1984
Kuntchito, ku laibulale ya koleji. Mndandanda wa mabuku a jogalafe oti tigule chaka chino wafika. Khumi ndi awiri, onse a kunja. Ophunzira za kakonzedwe ka midzi ndi matauni amandifunsa za chigwa cha Shire, ine n'kumawapatsa za mitsinje yomwe sadzaiona.
Kalata yochokera ku Utale. Mayi wamasiye, Abiti Usumani, akuti amuna awo anasiya mapu. A Kenneth, mkulu wa laibulale, akuti ndipite ndikaone ngati n'zothandiza.

Lachitatu, 6 Juni
Basi mpaka Balaka, sitima mpaka Utale, kenako wapansi. Fumbi mpaka m'mano.
Abiti Usumani ndi okalamba, maso akuvuta. Malemu amuna awo, Che Swaibu, ananyamula tcheni cha oyeza malo zaka makumi atatu. Akaweruka ankajambula zawozawo. Bokosi lachitsulo lodzaza. Midzi ya kwa Nsamala, zitsime, mizikiti, manda, madambo osefukira, mayina a eni minda. Zaka zisanu ndi zinayi pa ntchitoyi, sindinagwirepo chotere.
Abiti Usumani anati, "Mwanangu, esiteti yafika kumanda. Akuti tisamuke. Kasungeni komwe kuli ophunzira, adziwe kuti tinalipo."
Ndinalonjeza. Ndinalonjezeranji msanga chonchi?

Lachisanu, 8 Juni
Ndaonetsa a Jasten, mphunzitsi wa jogalafe. Anayala mapu pansi, kugwada, kuseka ngati mwana. Atayerekeza ndi mapu a boma, kuseka kunatha. Pomwe Che Swaibu anajambula midzi isanu ndi umodzi, a boma alembapo kuti ndi tchire lopanda anthu.
"A Matilda, ine sindinaone kanthu," anatero potuluka.

Lachinayi, 14 Juni
Komiti yosankha mabuku. Ife asanu, ndi mlendo wa suti yemwe sanatchulidwe dzina. Ndinalankhulabe. Ndinati wokonza midzi azidziwa komwe madzi amasefukira, komwe anthu amatunga. Palibe anatsegula bokosi.
A Kenneth akuti n'zosasindikizidwa, wojambula analibe digiri. Mlendo funso lake limodzi: kodi mwini esitetiyo ndikumudziwa? Ndinati iyayi. Ndikumudziwa. Aliyense m'chipindamo akumudziwa, ndi wamkulu wina m'boma. A Jasten maso pa nsapato zawo.
Mabuku khumi ndi awiri aja avomerezedwa onse.

Lachisanu, 15 Juni
A Kenneth anandiitana, n'kutseka chitseko. Si munthu woipa. "Muli ndi ana awiri, mayi. Bokosi lichoke lero. Kaya mubweza, kaya mutentha."
Ndinaganiza zolibisa kuseri kwa manyuzipepala akale. Makiyi a chipindacho tili nawo atatu, ndipo mmodzi amakanena kwa akuluakulu. Ndani, sindidziwa.

Lachiwiri, 10 Julayi
Bokosi likadali kunyumba kwanga, pansi pa bedi. Galimoto ikaima panja, ndimasuzumira pa zenera. Kawiri ndakoleza moto kuseri kwa nyumba, kawiri ndathirapo madzi. A Jasten akandiona amakhota. Ophunzira ayamba mutu wa kusamutsa midzi, buku lawo ndi la dziko lozizira.
Ndikawauza chiyani mayi aja?

Loweruka, 21 Julayi, ku Balaka
Ndachokera ku Utale. Mudzi kulibe. Makoma ogumuka, thalakitala yalima mpaka pakhomo pa mzikiti. Ndinayenda uku ndi uku, bokosi pamutu, ngati wamisala. Mayi wina wotola nkhuni akuti lole yosamutsa anthu inabwera sabata ziwiri zapitazo. Abiti Usumani mwina ali ku Chikweo kwa achibale, mwina ayi. Akuti pokwera ankauza anzawo, "Musalire, mayina athu ali ku koleji."
Ndinakhala pa khoma logumuka, kulira mpaka mayiyo kundigwira phewa.
Tsopano pa depoti, kudikira basi. Ya ku Zomba kuntchito, kapena ya ku Ntaja njira ya ku Chikweo, sindinasankhe. Ndakhalira bokosi. Anyamata a chipani akuona makhadi, ayambira kumapeto kwa mzere. Khadi ndili nalo. Mmodzi waloza pomwe ndakhala, akunong'oneza mnzake. Akubwera kuno. Akafunsa za m'katimu ndinena kuti...