Chiwongolero cha Adada ndi Disiki ya Linux

Sunnyside, Pretoria
14 Julaye 2025

Achimwene anga a Hezron,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu pamodzi ndi ana. Adada akudzuka bwanji masiku ano? Phazi lija lasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti kukuzizira chomene. Mdzukulu wawo Nelly anadwala chimfine sabata yatha koma wabwerera kusukulu. Bambo ake, a Peter, akudikirabe mapepala a ntchito. Apitako kawiri ku ofesi, ndipo kawiri konse angouzidwa tsiku lina.

Ndikudziwa chimene chikukudetsani nkhawa pa katoni yabwera ndi kalatayi. Pa foni munati simufuna munthu akhudze kompyuta ya pabalaza, chifukwa muli kaundula wa mpingo: maubatizo, maukwati ndi maminitsi a sesheni a zaka zisanu ndi chimodzi, zonse zotayipa ndi zala zanu ziwiri. Munafunsanso kuti zikafufutika mudzawayang'ana bwanji abusa. Simukulakwa. N'chifukwa chake ndakonza zoti m'kati mwa kompyutayo musalowe kanthu katsopano.

Koma ndiyambe ndi chifukwa chake. Chichitikireni sitiroko ija, dzanja lamanja la adada likunka liuma. Amama anandiuza kuti kampira kamene anapatsidwa kuchipatala kuti azifinya anakaponyera agalu, amvekere iwo si khanda. A fiziyo, adokotala olimbitsa ziwalo aja, anachenjeza kuti dzanjalo likangokhala, zala zidzapindikiratu. Munthu woti anatsitsa malole a malasha paphiri la Chiweta zaka makumi awiri sangafinye kampira, koma chiwongolero angachigwire. M'katonimo muli chiwongolero cha masewera, zopondera zake, kandodo kosinthira giya, ndi kadisiki kakuda kokhala ndi chingwe. M'kadisikimo muli masewera oyendetsa malole. Mukapita ndi adada kuchipatala muwafunse a fiziyo kuti azichita mphindi zingati.

Windows 7 imene ili m'kompyuta yanu ndi yakale, ndipo Steam, pulogalamu imene masewerawa amadzeramo, inasiya kuyenda pa iyo. Kuti tiike Windows yatsopano pafunika kugwedeza zonse zili m'katimo, zimene inu mwakana. Ndiye ndasankha Linux. Imagwira ntchito yofanana ndi ya Windows, ndi yaulere, ndipo imatha kukhala pa disiki yakeyake kunja kwa kompyuta.

Kusankhako kunanditengera masabata awiri, chifukwa Linux ili ndi mitundu yambiri. Injini ndi imodzi, koma ena anaimangira bodi ya minibasi, ena ya lole, ena ya galimoto ya mpikisano. Anzanga a kuntchito, amene timakonza nawo makompyuta a ophunzira, anati nditenge mtundu wopangidwira masewera enieni, wa zinthu zatsopano zokhazokha. Ndinauyesa ndipo umathamanga ndithu. Koma mitundu yotere imafuna kukoka zatsopano pa intaneti pafupipafupi. Kuno sindinamve kuwawa chifukwa tili ndi wayifayi. Kenaka ndinakumbukira inu ku Henga mutaimirira pachulu cha kuseri kwa khola, foni m'mwamba, kusaka netiweki. Ndinaufufuta.

Ndaika Linux Mint. Ndi yofatsa, sisinthasintha, ndipo maonekedwe ake sali kutali ndi Windows imene munazolowera. Zatsopano imakoka mukailola. Kadi ya zithunzi ya m'kompyuta yanu ndi ya AMD, ndikuikumbukira poti kompyutayo ndinaimanga ndine, ndipo Linux imaizindikira yokha popanda kuwonjezera kanthu. Masewera onse ndakokera konkuno, inu simudzawononga bandulo.

Tsopano kachitidwe kake. Choyamba, tengani fulashi yatsopano imene ndamata ndi tepi pachivindikiro cha katoni, mukoperemo kaundula yense wa mpingo, mukaisunge m'Baibulo lanu lalikulu. Izi muchite ngakhale mutakana zina zonsezi, chifukwa kompyuta ija yakalamba ndipo magetsi a kumeneko amathima osatsanzika.

Mukatero muzimitse kompyuta. Lowetsani chingwe cha kadisiki kakuda m'kabowo ka buluu kumbuyo, chiwongolero m'kabowo kena kalikonse. Poyatsa, dinani batani la F12 mobwerezabwereza mpaka patuluke mndandanda wa maina. Sankhani dzina limene ndalemba papepala la m'katoni, pomwenso pali mawu achinsinsi olowera. Musadabwe ikachedwa ulendo woyamba, ikhala ikudziwana ndi nyumba yachilendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku loyambalo lokha mulumikize intaneti ya pa foni yanu, ndipo mundiimbire musanatsegule Steam. Idzafuna nambala yotsimikizira, imene idzafika pa foni yanga kuno, ine ndidzakuwerengerani. Ndidzakuonetsaninso pamene mungadine kuti kuyambira pamenepo izigwira popanda intaneti.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakuopseni. Muli mu Linux mudzaona chithunzi cha disiki ina, imeneyo ndiye ya Windows ndi kaundula wanu. Musaitsegule, ndipo paliponse pakatuluka mawu akuti Format, omwe ndi ofufuta zonse, muyankhe kuti ayi. Chachiwiri, mukabwerera ku Windows wotchi ingathe kutsalira ndi maola awiri. Si kuwonongeka. Linux ndi Windows zimangosiyana kawerengedwe ka nthawi, ndipo mungoikonza ndi dzanja. Ndanena izi chifukwa ndikukudziwani, mukanaona wotchiyo mukanalengeza kwa akulu a mpingo kuti Kezia wapha kompyuta.

Mukafuna kutayipa maminitsi, zimitsani, zulani kadisiki kakuda, yatsani. Mudzapeza Windows yanu monga munaisiyira.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Musawaitane adada kuti ayese. Mukatero adzati ndi zidole za ana, ndipo akanena kamodzi sabweza. Muyambe ndinu. Loweruka masana, iwo ali pampando wawo, mangani chiwongolero pathebulo, mukweze mawu a sipika kuti injini imveke, muyendetse. Inu simunayendetsepo ngakhale thirakitala, ndiye sipafunika kunamizira kulephera. Muzichedwa kusintha giya, ngolo ya lole izikwera m'mbali mwa msewu, pobwerera m'mbuyo mugunde mpanda. Amama akuti ngakhale pano lole ikamadutsa pa M1 adada amatchera khutu n'kumadzudzula dalaivala amene sakumuona. Sindikhulupirira kuti angapirire kuonerera mwana wawo akuzunza lole m'nyumba mwawo momwe. Akakuuzani kuti chokapo, muchoke msanga, ndipo muike kandodo ka giya mbali ya dzanja lawo lamanja.

Mundiperekere moni kwa amama, muwauze kuti juzi yobiriwira ili pansi pa katoni ndi yawo. Moni kwa alamu anga a Judy ndi ana onse, kwa ankhazi ku Phwezi, ndi kwa asibweni ku Chiweta, amene usipa wawo unafika bwino. Adada muwauze kuti ndimawapempherera tsiku lililonse, koma za chiwongolero muziti ndatumizira inu.

Yewo chomene, achimwene. Yesani Loweruka lomweli, foni yanga ikhala m'manja.

Ndine mlongo wanu,
Kezia