Chisoti cha bambo chapita ku Wembley

Lamlungu, Ogasiti 1987, Barking

Lero mtima ukundiwawa. Mwana wanga Dalitso wabwera kuchokera ku Wembley, kumene amakaonera mpira wa ku America, atavala chisoti cha nthenga cha malemu bambo anga. Anachitenga musutikesi osandipempha. Timu yomwe amasapota ili ndi chizindikiro cha nkhope ya mfumu ya eni dziko la America, ndiye anzake amavala nthenga zogula kusitolo, n'kumakuwa akudzimenya pakamwa.

Chisoticho bambo ankavala povina ngoma ku Ntcheu. Ndi chokhacho chimene ndinathawa nacho kwathu, boma likundisaka pa zandale. Chabwerako chikununkha mowa, nthenga ziwiri zitathyoka.

Ndamufunsa kuti, "Iwe, ukuchidziwa chimene wavalachi?"

Wandiyankha m'Chingerezi, akumwetulira, kuti azungu amamujambula chifukwa chake chimaoneka chenicheni.

Ndimati ndimukalipire, koma ndangotenga chisoticho n'kulowa nacho kuchipinda. Mwanayu gule wa ngoma sanamuonepo, ndipo sindingapite naye kumudzi, apolisi angakandigwire pabwalo la ndege. Mwina ku America kulinso bambo wina amene amaona nkhope ya agogo ake pamalaya a anthu oledzera, n'kumva kuwawa ngati ine.

Nthengazo ndayesa kuzimata ndi guluu. Sizikugwira.